Njerwa 32,768 za aNyazimba

Ine sukulu ndinaithawa chifukwa cha masamu, ndiye Mulungu mwa nthabwala zake anakandikwatitsa pakhomo pa mphunzitsi wa masamu. Apongozi anga aakazi, a Evelina, amene mudzi wonse umawatcha aNyazimba, anaphunzitsa masamu ku Kapichila mpaka tsitsi kuyera. Atapuma ntchito anabwerera kuno kwa Mwase Lundazi n'kumalima mtedza ngati wina aliyense, koma manambala sanawasiye. Akamatongola chimanga amatha kuseka okha, ukawafunsa ati akumbukira nambala ina yake yamakani. Ine ndine Faides, wa ku Kasungu, ndinabwera kuno ndi malonda a zitenje n'kukodwa ndi mwana wawo Hillary. Kwathu munthu woseka yekha timamuyang'anitsitsa, ndiye poyamba ndinkati mayiwa choko chinawalowa m'mutu.

Apongozi aamuna, a Danwell Mtonga, amene tonse timati adada monga amanenera Atumbuka, ndi mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo. Chilungamo chawo n'chotopetsa, abale. Akapha nkhumba pa Khirisimasi, nyama imakwera sikelo ya fodya kuti pasapezeke mwana wolandira fupa lalikulu kuposa mnzake, ndipo timadya dzuwa litapendeka. Koma munthu yemweyo ndi amene anaima pabwalo n'kulengeza kuti ana ake ndi seveni, pamene tonse tinkadziwa kuti aNyazimba anabereka eyiti.

Wochotsedwayo anali Racheal, mzime wawo. Adada anagulitsa ng'ombe ziwiri zapangolo kuti mwanayo akaphunzire unamwino ku Chipata. Atabwera ku holide, Luka, mnyamata waganyu wochokera kwathu ku Kasungu amene ankasankha fodya m'chigafa chawo, anamusomphola. Kuno amatero mwamuna akatenga mtsikana n'kuthawa naye osadzera kwa makolo. Abale a Luka anabwera pambuyo pake kudzapepesa ndi kudzakamba za lobola, koma adada anawabwezera pamsewu, ngakhale mpando osawapatsa. Ati madzi akatayika saoleka. Awiriwo anakakhala pafamu ina ya fodya ku Chikomeni, ndipo pakhomo pano dzina la Racheal linaleka kutchulidwa.

Chaka chimene fodya anayenda bwino, adada anaitana ana onse n'kunena maganizo awo. Chulu chachikulu cha kumunda kwawo chigumulidwe, aumbe njerwa, aziotche, ndipo mwana aliyense alandire gawo lofanana ndi la mnzake pamodzi ndi malo omangapo m'mbali mwa msewu. Ati akufuna kugawa maso ali otseguka, kuti pamaliro awo pasadzakhale kulozana zala. Anawonjezera kuti akagawa agawa, nkhani ya malo ndi katundu yatsekedwa. Tonse tinamva chimene sanatchule: njerwa zikagawidwa paseveni, Racheal watsekeredwa kunja mpaka kalekale.

Ine ndinali nditakumana naye Racheal kumsika ku boma masabata angapo m'mbuyomo. Anali ataonda, mwana kumbuyo akutsokomola, ndipo anandiuza akuseka kuti kanyumba kawo kaudzu mvula ikagwa amagona chokhala. Kuseka kwakeko n'kumene kunandipweteka. Nditafika ndinawatsina khutu aNyazimba tikutsuka mbale. Iwo anangopukuta mbale imodzi nthawi yaitali. Ndiye nkhani ya njerwa italengezedwa, tsiku lomwelo anapempha amuna awo kuti ntchito yowerenga njerwa ikhale yawo, ndipo adada anavomera mosangalala, poti ndani akanawerenga bwino kuposa mphunzitsi.

Ntchito ija inatikhaulitsa. Amuna ankagumula chulu ndi kuponda matope, oumba akuthamanga ndi zikombole, ife akazi tikutunga madzi kudambo mpaka khosi kuuma gwa. Uvuni utapsa n'kuzizira, aNyazimba anamanga duku n'kukhala pampando pafupi ndi pophwasulira. Njerwa iliyonse inkadutsa m'manja mwawo. Ankaigogoda ndi kachitsulo, yolira bwino uku, yosapsa ndi yong'aluka uko, ikamangire khola la nkhumba. Zabwinozo sanalole kuti tingoziunjika. Pansi tinkayala mizere eyiti ya njerwa eyiti, kukhala 64, kenako kusanjikiza chimodzimodzi mpaka ka 16. Mulu uliwonse unkakhala ndi njerwa 1,024, ndipo ukapotoka pang'ono ankauphwasulitsa. Oumba aja anawatcha kapitawo wa Boma, koma powanena kumbali.

Milu itakwana 32, anaimika dzanja kuti basi. Panali patatsala njerwa zabwinobwino zodzaza ngolo ziwiri, koma iwo anati zimenezo zipite kutchalitchi zikathandize khoma la chimbudzi. Adada, mkulu wa mpingo, akanakana bwanji? Ine ndiye zinandinyansa. Ine ndi Hillary tinali titajambula kale nyumba yathu pansi ndi kamtengo, ya khonde lalikulu loti ndizipachikapo zitenje zamalonda, ndipo njerwa iliyonse yokwera ngolo ija ndinkaiona ngati ikuchoka pakhonde langa. Ndinang'ung'udza mokweza dala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, zakutchalitchi tikanaziona pambuyo.

ANyazimba anandimva. Anandiitana kuti ndikhale nawo pamthunzi wa mulu womaliza, nanditumiza kuti nditulutse foni.

“Amake Linah, milu 32 ya njelwa 1,024. Foni yanu ikuti bwanji?”

Ndinadina, ndinawauza kuti 32,768. Anabwereza nambalayo pang'onopang'ono, monga munthu amatchulira dzina la mwana amene wakhoza mayeso. Kenako anayamba kundiphunzitsa, ine wothawa sukulu, ndipo sindinathe kuwathawa poti ndi apongozi.

Ati manambala ali ndi mitundu ngati anthu. Alipo ouma mutu, monga 31, amene sagawika ndi china chilichonse kupatula wani ndi iwo eni. Alipo ena ofewa mtima, monga 30,000, amene aliyense wobwera amawagawa, kaya ndi atatu, kaya asanu, kaya khumi. Koma iyi ya njerwa zathu ati ndi ya mtundu wosowa, imadziwa chinthu chimodzi chokha, kugawika pakati. Anandiuza kuti ndiigawe pawiri, ndinapeza 16,384. Pawirinso, 8,192. Ndinapitiriza choncho, foni ikutsika bwinobwino popanda chotsala, mpaka ka 15 ndinafika pa wani. Ati m'mimba mwake mulibe firii, mulibe faifi, muli ma thuu okhaokha. Anandionetsanso kuti ndi 32 kuchulukitsa ndi 32 kuchulukitsanso ndi 32, komanso kuti ndi eyiti wochulukitsidwa yekhayekha kasanu. Zonsezi ankazinena pamtima, ine ndikutsalira ndi foni m'manja.

Ndinayamba kumva kukoma, sindinama. Iwo ataona kuti ndatchera khutu, anawonjezera china. Ati alipo manambala amene akatswiri amawatcha angwiro, amene ukaphatikiza tonse towagawa umabwerera pa iwo eni: sikisi amagawika ndi wani, thuu ndi firii, ndipo ukaziphatikiza ndi sikisi yemweyo. Anandiuza ndiyese ndi yathuyi. Ndinaphatikiza wani, thuu, folo, eyiti, kukwera choncho mpaka 16,384, thukuta lili kamukamu kuopa kulakwitsa. Yankho linabwera 32,767.

“Yapelewela imodzi,” ndinatero.

“Eya. Mtundu wake wonse uli choncho. Imatsala pang'ono kukhala yangwilo, koma imasowa imodzi.”

Apo m'pamene ndinayamba kuwakayikira. Ndinadina mwakachetechete 32,768 kugawa paseveni, foni inatulutsa mchira wautali wa manambala. Ndinayesa paeyiti, inabwera 4,096 yoyera bwino, yopanda mchira. Ndinawayang'ana apongozi anga, iwo akuyang'ana kumunda ngati palibe chachitika. Mayi ameneyu, amene sanakwezepo mawu kwa mwamuna wake, amene kwa zaka zitatu anameza dzina la mwana wake, anali atamanga mlandu wonse ndi njerwa pabwalo poyera. Ndinachita mantha, komanso ndinawasirira kwambiri. Khonde langa linandiwawabe, poti paseveni tikanalandira 4,681 ndipo paeyiti zinkatsika ndi 585, koma ndinatseka pakamwa. Ngakhale Hillary sindinamuuze, chifukwa amuna anga nkhani saigoneka.

Tsiku logawa linali Loweruka m'mawa. Ana onse seveni anabwera, amuna asanu ndi akazi awiri, aliyense ndi banja lake. Adada anavala jekete yawo yakutchalitchi, anapemphera pemphero lalitali, kenako anatenga ndodo n'kuyamba kuloza. Bornwell, woyamba kubadwa, mulu uwu. Wotsatira, uwu. Aliyense ankalemba chizindikiro chake ndi khala pamulu wake. Anazungulira kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, aliyense n'kukhala ndi milu inayi. Ndodo itakwezedwa kuti iyambe ulendo wachisanu, inaima m'malere.

Kumapeto kwa bwalo kunatsala milu inayi yopanda khala. Osati itatu, osati isanu, koma inayi ndendende, gawo lathunthu la mwana mmodzi, itaima payokha moyang'anana nafe. Panalibe wofunika kumuuza. Mlamu wanga wina wamkazi anaphimba pakamwa ndi chitenje, Bornwell anayamba kukanda m'mutu, ndipo ana amene ankasewera pamilu anasiya masewera awo poona akuluakulu atero. ANyazimba anali pampando wawo, manja pamiyendo.

Adada anayang'ana milu ija nthawi yaitali. Kenako analamula kuti iphwasulidwe, njerwa zake zigawidwe kwa ana seveni, imodziimodzi. Tinayamba kunyamula. Dzuwa la Okutobala linatiwamba, manja anachita matuza, ndipo palibe amene ankaseka kapena kuimba monga timachitira pantchito. Ine ndinkanyamula ndikutukwana chamumtima, osadziwa kuti ndikutukwana ndani. Pofika masana aliyense anali ataonjezera 585, ndipo pamene panali milu inayi paja panatsala njerwa imodzi, ili pafumbi.

Munthu wina aliyense akanaikankha ndi phazi nkhani n'kutha. Koma awa ndi a Danwell Mtonga, oyeza mafupa a nkhumba pasikelo. Kuipereka kwa mwana mmodzi kukanakhala kukondera, ndipo anali atalumbira pamaso pa tonse kuti palibe adzapose mnzake. Bornwell, pofuna kuthandiza, anati bwanji milu inayi ija igawidwe kwa ana aamuna okha, poti akazi ali ndi amuna awo owamangira. Alongo ake anamuyang'ana moti akanapsa, koma iye anadina foni: aliyense 819, kutsala imodzi. Hillary anati ndiye tiwerengere adada ndi amama kuti tikhale naini. Anadina: aliyense 455, kutsala imodzi. Wina anati tiiphwanye zidutswa seveni, anthu anayamba kuseka, koma kusekako kunafera m'khosi ataona nkhope ya adada.

Anatembenukira kwa akazi awo, ndipo sanakweze mawu.

“ANyazimba, mwachitila dala.”

“Eya, aMtonga, nachitila dala.”

Pakhomo pano palibe anayankhapo adada choncho. Koma mayiwo anapitiriza mofatsa, monga ankandiphunzitsira pamthunzi paja.

“Sininabe njelwa, sininaname powelenga. Njila zilipo ziwili zosavuta. Tayani iyo imodzi, zotsala zigawika paseveni. Kapena umbani zina sikisi, zigawikanso. Sinikuletsani, ndimwe mutu wa nyumba. Nifuna cabe kuti mucite ndi manja anu, masana ano, ana akuona. Ine ninabeleka eyiti, ndipo nambala ina siniidziwa.”

Adada anawerama, natola njerwa ija, nayamba kuyenda kulunjika kudzenje limene linatsala pamene panali chulu. Tonse tinkawaperekeza ndi maso. Mumtima ndinati basi, zatha, mayi aja aluza, ndipo misozi inayamba kulengeza ngakhale khonde langa linali likubwerera. Anafika pamphepete pa dzenje, anaima. Anaitembenuza njerwa ija m'manja, kuiyang'ana uku ndi uku ngati akufuna kuipezera mng'alu woti aitayire. Koma inali itadutsa m'manja mwa aNyazimba, inalibe chilema. Anaima pamenepo mpaka mwana wanga Linah anandifunsa kuti agogo akudikira chiyani.

Kenako anabwerera. Anadutsa pakati pathu osayang'ana munthu, analowa m'chigafa, natuluka ndi thumba la feteleza. Anaikamo njerwa ija, nalikoleka paphewa pamwamba pa jekete yakutchalitchi, n'kulunjika kumsewu kumene kumaima maminibasi. Chakudya chinali chitapsa koma sanachiyang'ane. Bornwell anafuna kuwatsatira, aNyazimba anamuletsa ndi dzanja.

Adada anabwerako mawa lake madzulo, thumba lili lopanda kanthu, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Sanafotokoze kumene anapita. Anangoitanitsa ana n'kunena kuti aliyense abweze njerwa 585 pamalo pake, milu inayi ija imangidwenso monga inalili. Hillary anayamba kudandaula za msana, ndinamuponda phazi. Tinanyamulanso, koma ulendo uno akazi anayambitsa nyimbo. Milu itatu inakwana bwino, wachinayi unatsala ndi bowo limodzi pamwamba, chapakati.

Bowo lija linakhala choncho sabata yonse, ndipo panalibe wotsimikiza kuti lidzatsekedwa. Racheal ndi mwana wa bambo ake, kuuma mutu anatengera konko. ANyazimba ankagwira ntchito zawo monga mwa masiku onse, koma minibasi ikaima kumsewu ankasiya chimene agwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa mayi amene uja kunkandipweteka ine woonerera.

Zimene zinachitika ku Chikomeni anadzandiuza Racheal mwiniwake pambuyo pake. Ati anangoona bambo ake ataima pakhomo pa kanyumba kaudzu kaja, akuyang'ana denga. Moni sanapereke, m'nyumba sanalowe. Anatulutsa njerwa m'thumba, naiika pansi patsogolo pake, n'kunena kuti zinzake 4,095 zili kumudzi, ndipo mulu wake ndi wosakwana mpaka atabwera nayo yekha. Atatero anafunsa dzina la mdzukulu wawo, analibwereza kawiri, n'kutembenuka.

Racheal anabwera Lachisanu dzuwa lili pamutu. Ndinali woyamba kumuona akutsika kumsewu, mwana kumbuyo, njerwa ataikulunga m'chitenje n'kuisenza pamutu. Luka anatsalira kutali, pansi pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa msewu, chipewa chili m'manja, pomwe abale ake anabwezeredwa paja. Racheal anafika pabwalo, anagwada patsogolo pa adada. Adada anangoloza ndi ndodo kumulu wachinayi.

Anapita, anamasula njerwa ija, nayesa kuiika. Koma Racheal ndi wamfupi, mulu ndi wautali, ndipo bowo linali chapakati. Ananyanyamphira, mwana kumbuyo akulira, osafikira. Hillary anasuntha kuti amuthandize, adada anamutchinga ndi ndodo. Anatembenukira kumsewu, nakweza mawu pang'ono kuti akamveke kumango kuja, ndipo anagwiritsa ntchito liwu limene Atumbuka amaitanira mkamwini.

“Mkweni, mwangoima uko bwanji? Simuona kuti mkazi wanu safikila?”

Luka anayang'ana kumbuyo kwake kaye, kuganiza kuti mwina akuitana wina. Kenako anabwera, akuyenda ngati pansi pali minga, nalandira njerwa ija kwa mkazi wake, ndipo inagogoda zinzake kawiri isanalowe m'malo mwake. Ndinacheuka kuti ndione nkhope ya aNyazimba, koma mpando wawo unali wopanda munthu. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atakhala pansi, duku lili kumaso, mapewa akugwedezeka. Ndinakhala pambali pawo, ndipo anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka matuza anga aja anaphulika.